Mmene magazi amaundanira m'mitsempha ya chiwindi, ndi mmene mungathandizire wodwala wanu muno mu Harare

Banja likauzidwa kuti m'bale wawo ali ndi magazi oundana mumtsempha wa chiwindi, kawirikawiri limatuluka m'chipinda cha dokotala lili ndi funso limene palibe amene analimba mtima kulifunsa: zatheka bwanji kuti munthu amene anasanza magazi mwezi wathawu, amene nkhama zake zimatuluka magazi akamatsuka m'kamwa, apezekenso kuti magazi ake agwirana mpaka kutseka njira? Ena amaganiza kuti achipatala asokoneza zotsatira, ndipo ena amafika posiyitsa wodwalayo mankhwala poopa kuti awonjezera kutaya magazi. Zinthu ziwirizi sizitsutsana. Pa matenda a chiwindi, kutaya magazi ndi kuundana kwa magazi zimachokera pa gwero limodzi, ndipo amene wamvetsa gwerolo amadziwa zoyenera kufunsa, zoyenera kunyamula popita kuchipatala, ndiponso nthawi imene sayenera kudikira kuti kuche.

Yambani ndi kudziwa mtsempha umene watsekeka

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo pa mphindi iliyonse mumadutsa magazi okwana pafupifupi lita imodzi ndi theka. Magaziwo amalowa m'njira ziwiri. Gawo limodzi mwa magawo anayi limabwera ndi mtsempha wa hepatic artery kuchokera kumtima, pomwe magawo atatu otsalawo amabwera ndi mtsempha wa portal, umene ndi wautali pafupifupi masentimita 8 ndipo umasonkhanitsa magazi ochokera m'matumbo, m'chifu ndi m'kapamba, kapamba yemweyo amene amatupa mwana akamadwaladwala malungo. Akalowa m'chiwindi, magazi amagawikana m'timitsempha tating'ono kwambiri momwe amasefedwa, kenaka amatuluka ndi mitsempha itatu ya hepatic n'kukathira mumtsempha waukulu wa inferior vena cava wopita kumtima.

Choncho malo amene angatsekeke ndi atatu: polowera, m'kati ndi potulukira. Polowera pakatsekeka, pa khadi la wodwala pamalembedwa kuti portal vein thrombosis, kapena PVT, ndipo ili ndilo vuto limene limaoneka kwambiri. Potulukira pakatsekeka amati Budd-Chiari, potengera mayina a George Budd wa ku London amene anafotokoza matendawa mu 1845 ndi Hans Chiari amene anawafotokoza mozama mu 1899. Matenda amenewa ndi osowa, koma amatha kufooketsa chiwindi m'masabata ochepa. Timitsempha ta m'kati tikawonongeka n'kutsekeka amati sinusoidal obstruction syndrome.

Funso lanu loyamba likhale lakuti: "Adokotala, mtsempha umene watsekeka ndi wolowetsa magazi kapena wotulutsa, watsekeka wonse kapena mbali chabe, ndipo kutsekekako n'kwatsopano kapena n'kwakale?" Pemphani kuti yankho lilembedwe pa khadi, chifukwa chithandizo chonse chimatsamira pa mayankho atatu amenewa, ndipo dokotala amene mudzamupeze ulendo wotsatira mwina sadzakhala yemweyo.

Mmene m'bulu wa magazi umapangikira

M'kati mwa mtsempha uliwonse muli kachikopa kosalala kamene kamaletsa magazi kumamatira. Kachikopako kakakalika kapena kutupa, timaselo ta m'magazi totchedwa ma platelet timakakamira pamalopo mothandizidwa ndi puloteni yomata yotchedwa von Willebrand. Pomwepo mapuloteni oundanitsa magazi amayamba kudzutsana, ina kudzutsa inzake, mpaka papangike thrombin, imene imasandutsa fibrinogen wosungunuka m'magazi kukhala ulusi wa fibrin. Ulusiwo umalukana, umakola maselo ofiira, ndipo m'bulu wa magazi wapangika. Pa bala la pachala zimenezi zimapulumutsa moyo. Kuti m'buluwo usakule kupitirira balalo, thupi lili ndi mapuloteni ena oletsa, makamaka antithrombin, protein C ndi protein S, komanso plasmin amene amadula ulusi uja ntchito ikatha.

Mfundo yaikulu ndi yakuti chiwindi ndicho chimapanga pafupifupi mapuloteni onse oundanitsa magazi, ndipo chiwindi chomwecho ndicho chimapanganso mapuloteni oletsa kuundanako. Chikafooka, mbali zonse ziwiri zimachepera limodzi. Komanso von Willebrand ndi puloteni ina youndanitsa yotchedwa factor VIII, zimene zimapangidwa ndi kachikopa ka m'mitsempha osati ndi maselo a chiwindi, zimachuluka m'malo mochepa. Wodwalayo amatsala ndi zoundanitsa zochepa ndi zoletsa zochepa, moti kanthu kakang'ono monga matenda a tizilombo, kutsekula m'mimba kapena opaleshoni kakhoza kumukankhira mbali ya kutaya magazi lero, mawa n'kumukankhira mbali ya kuundana.

Apa m'pamene nambala ya INR, yosonyeza nthawi imene magazi amatenga kuti aundane akayezedwa, imasocheretsa anthu, ngakhale ena ogwira ntchito zaumoyo. Mwa munthu wathanzi INR imakhala pafupi ndi 1, ndipo mwa wodwala chiwindi imatha kukwera kufika 1.6 kapena 2 asanamwe mankhwala aliwonse. Banja likamva kuti magazi a bambo ndi amadzimadzi, limaona ngati bambowo sangakhale ndi magazi oundana. Koma kuyeza kumeneku kumawerenga kuchepa kwa zoundanitsa zokha. Za zoletsa zimene zachepanso sikunenapo kanthu. Chimodzimodzinso kuchepa kwa ma platelet, kumene kawirikawiri kumabwera chifukwa chakuti kapamba wotupa akuwasunga, sikuteteza munthu ku PVT.

Fufuzani chimene chinayambitsa

Zifukwa zimene magazi amaundanira mumtsempha zimaikidwa m'magulu atatu otchulidwa ndi dzina la Rudolf Virchow, dokotala wa ku Germany amene analemba za nkhaniyi m'zaka za m'ma 1850: magazi kuyenda pang'onopang'ono, khoma la mtsempha kuvulala, ndi magazi enieniwo kukhala ofulumira kuundana. Odwala ambiri amakhala ndi zifukwa ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi, motero chimodzi chikapezeka musavomere kuti kufufuza kwatha.

Chifukwa choyamba ndicho chofala kwambiri pakati pathu. Amene analimapo dimba amadziwa kuti matope amadikha pamene madzi a m'ngalande afooka, osati pamene akuthamanga, ndipo mtsempha wa portal nawonso umatero. Chiwindi chikadzaza zipsera n'kuuma, matenda amene madokotala amati cirrhosis, magazi ochokera m'matumbo amavutika kulowamo, amapanikizika, ndipo liwiro lawo limatsika. Akatswiri apeza kuti likatsika n'kufika pansi pa masentimita 15 pa sekondi, ngozi ya kuundana imakula. Mwa odwala 10 amene chiwindi chawo chauma kwambiri, mmodzi kapena awiri amapezeka ndi PVT. Zimene zimaumitsa chiwindi kuno n'zodziwika: matenda a kachilombo kotupitsa chiwindi otchedwa hepatitis B, imene ambiri anaitenga ali ana aang'ono ndipo yakhala m'thupi zaka makumi osaonetsa kanthu, mowa wa zaka zambiri kaya ndi kachasu kapena wa m'botolo, hepatitis C, ndi mafuta a m'chiwindi obwera ndi shuga ndi kunenepa. Likodzo la m'matumbo lili ndi njira yakeyake: mazira a nyongolotsi za Schistosoma mansoni amatengedwa ndi magazi mpaka kukakodwa m'nthambi za mtsempha wa portal, ndipo thupi limawakuta ndi zipsera zimene zimafinya nthambizo, pomwe maselo a chiwindi akugwirabe ntchito bwino. Ambiri a mabanja athu ku Mbare, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa anakulira m'mafamu, akusamba m'madamu ndi m'ngalande zothirira, ena anagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Triangle ndi Hippo Valley, enanso amapita kumudzi m'mbali mwa nyanja kapena kuchigwa cha Shire. Mbiri imeneyi dokotala sangailote. Muyenera kuinena nokha, ngakhale zinachitika zaka 30 zapitazo.

Chifukwa chachiwiri ndi kuvulala kwa khoma la mtsempha, ndipo kawirikawiri gwero lake limakhala m'mimba momwemo. Appendix, mphukira yaing'ono ya matumbo, ikatupa n'kuola, kapena matumbo ndi ndulu zikagwidwa ndi tizilombo, tizilomboto timalowa m'magazi opita kuchiwindi n'kutupitsa mtsempha wa portal, ndipo wodwala amatentha thupi ndi kunjenjemera. Pamenepa mankhwala opha tizilombo ndi ofunika mwamsanga. Kutupa kwa pancreas (chiwalo cha kuseri kwa chifu), opaleshoni ya m'mimba makamaka yochotsa kapamba, ndi kuvulala pa ngozi ya pamsewu zimachitanso chimodzimodzi. Khansa ya chiwindi, imene imakula mosavuta pamene pali hepatitis B ndi poizoni wa chuku cha mtedza ndi chimanga chosauma bwino, imatha kumerera m'kati mwa mtsempha wa portal, ndipo chotsekacho chimakhala chotupa osati magazi, moti mankhwala oletsa kuundana sangachichotse.

Za makanda ziyenera kunenedwa momveka. Mtsempha wa mumchombo wa mwana wobadwa kumene umalumikizana ndi nthambi ya kumanzere ya mtsempha wa portal. Mchombo ukapakidwa phulusa, dothi, mafuta kapena mankhwala a zitsamba n'kuyamba mafinya, matendawo akhoza kukwera ndi mtsempha umenewu mpaka kukautseka, ndipo palibe amene amadziwa mpaka mwanayo, ali ndi zaka 5 kapena 8, atasanza magazi kapena atapezeka ndi kapamba wamkulu. Agogo amene amasamalira chikuta amachita zonse mwachikondi, koma pamchombo pasapakidwe kanthu kupatula chimene anamwino apereka, ndipo mchombo wofiira, wonunkha kapena wotuluka mafinya upite kukiliniki tsiku lomwelo.

Zitsamba nazo zili ndi mbali yake pa timitsempha ta m'kati tija. Zomera za mitundu ya Senecio, Crotalaria ndi Heliotropium zili ndi poizoni amene amasupula kachikopa ka timitsemphato. Ku South Africa matendawa analembedwa mu 1920 mwa anthu amene anadya buledi wa tirigu wosakanikirana ndi Senecio, ndipo ku Jamaica anafotokozedwa mu 1954 mwa ana omwetsedwa tiyi wa masamba a kutchire. Sindikunena kuti chitsamba chilichonse chogulidwa ku Mbare Musika chili ndi poizoni ameneyu, koma mtolo wa mizu ndi masamba osinjasinja sudziwika zimene zilimo, ndipo chiwindi chodwala kale sichiyenera kuyeserapo.

Chifukwa chachitatu, magazi ofulumira kuundana, ndicho chimaganiziridwa kwambiri pamene chiwindi chili bwinobwino koma mtsempha watsekeka, makamaka pa Budd-Chiari. Pamwamba pa zonse pali matenda amene mafupa amapanga maselo a magazi ochuluka mopitirira muyeso. Ku Ulaya amapezeka mwa odwala Budd-Chiari pafupifupi 40 pa 100 aliwonse, ndipo amadziwika poyeza kusintha kwa malangizo a m'maselo (jini) otchedwa JAK2 kumene kunatulukiridwa mu 2005. Chovuta n'chakuti kapamba wotupa amabisa kuchuluka kwa maselowo, moti zotsatira za magazi wamba zimaoneka zabwino. Palinso matenda a antiphospholipid, pamene chitetezo cha m'thupi chimafulumizitsa magazi kuundana, amene amaganiziridwa mwa mayi amene wapita padera kangapo, pathupi penipenipo ndi masabata 6 oyamba mayi atachira, mapiritsi olera okhala ndi estrogen, khansa ya paliponse, HIV yosalamulirika ndi TB. Ku South Africa, India, Nepal ndi China kumapezekanso mtundu wa Budd-Chiari umene kachikopa kopingasa kamatseka inferior vena cava pafupi ndi chiwindi, ndipo akatswiri ambiri amaona kuti kachikopako ndi chipsera cha m'bulu wakale.

Zindikirani zizindikiro ndi nthawi yothamangira

M'bulu watsopano mumtsempha wa portal umabweretsa ululu wa m'mimba kapena m'chiuno wa masiku angapo, mseru, kutentha thupi, nthawi zina ndi madzi pang'ono m'mimba. Mwa wodwala cirrhosis umatha kubwera mwakachetechete n'kungopezeka pa sikani. Ngozi yaikulu ndi yakuti m'buluwo ukule kubwerera m'mitsempha ya matumbo, chifukwa matumbo akalephera kutulutsa magazi amatupa n'kuyamba kufa. Ululu woopsa wosalekeza pamene mimbayo poigwira ili yofewa, kusanza, ndi chimbudzi cha magazi ndi zizindikiro za zimenezi, ndipo ndi nkhani ya maola osati masiku.

M'bulu ukakhalitsa, thupi limatsegula timitsempha tambiri tokhotakhota tolambalala malo otsekekawo, ntchito imene imayamba m'masabata oyamba omwe. Pa lipoti amalemba kuti cavernoma. Timitsemphato sitikwanitsa kunyamula magazi onse, choncho otsalawo amafuna njira kudzera kum'mero ndi m'chifu, kumene mitsempha imafufuma n'kukhala yopyapyala, ndipo tsiku lina imaphulika. Kusanza magazi kwa wodwala wotere kumachokera ku kupanikizika kumeneku, osati ku kusungunuka kwa magazi, ndipo kupanikizikako sikuoneka pa BP yoyeza pamkono, imene ikhoza kukhala yabwinobwino kapena yotsika.

Budd-Chiari amaonekera ndi ululu pansi pa nthiti za kumanja, chiwindi chotupa, ndi mimba yodzaza madzi mofulumira, nthawi zina pamodzi ndi maso achikasu, miyendo yotupa ndi mitsempha yotukuka pamimba ndi pamsana. Mayi amene wangochira kumene mimba yake n'kuyambanso kukula m'malo mophwa asauzidwe kuti ndi mphepo.

Kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii chomata ndi chonunkha kwambiri, kukomoka, ululu woopsa uja, kapena kusokonezeka maganizo ndi kugona kosadzutsika bwino, zonsezi n'zofunika kupita ku casualty, chipinda cha odwala mwadzidzidzi kuchipatala, nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Musamupatse chakudya kapena chakumwa, mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, ndipo fufuzani galimoto m'malo modikira kombi za m'mawa.

Kukonzekera ulendo wa kuchipatala

Pamene si zadzidzidzi, njira ya boma imayambira kukiliniki ya khonsolo ya m'dera lanu, kumene amalemba kalata yotumizira wodwala ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central Hospital, chipatala chimene akuluakulu akuchitchulabe kuti Gomo, ndipo a ku Chitungwiza ali ndi chipatala chawo chachikulu. Nyamulani makhadi onse akale, ngakhale buku la kuchipatala la ku Malawi ngati wodwalayo analandirapo chithandizo kumeneko, ndiponso mankhwala onse m'mapaketi ake, kuphatikizapo ma ARV, mapiritsi olera, mankhwala a ululu ogula pa tuckshop ndi botolo la kwa sing'anga. Botolo limeneli ndilo limabisidwa kwambiri, ndipo kulibisa kumataya nthawi ya dokotala ndi ndalama zanu. Agogo amene Chishona amachilankhula bwino pamsika koma ululu wawo amaufotokoza m'Chichewa apite ndi mwana kapena mdzukulu wodziwa kumasulira mosawonjezera.

Kuyeza koyamba ndi sikani ya pamimba, koma pemphani kuti pa pepala palembedwe kuti Doppler ya mitsempha ya chiwindi, chifukwa sikani wamba ikhoza kuona kukula kwa chiwindi ndi kapamba osaona kayendedwe ka magazi. Wodwala amauzidwa kusadya kwa maola pafupifupi 6. Amagona chagada, amapakidwa mafuta ozizira pamimba, ndipo woyezayo amakanikiza kachipangizo pakati pa nthiti akumuuza kuti akoke mpweya n'kuugwira. Pa galasi magazi oyenda amaoneka ofiira kapena abuluu malinga ndi kumene akulowera, ndipo pamene pali m'bulu mtunduwo umadukiza n'kusiya malo otuwa. Kenaka pamafunika CT scan yobaya mankhwala owalitsa mitsempha, imene imasonyeza kutalika kwa m'bulu, ngati wafika m'mitsempha ya matumbo, ndiponso ngati chotsekacho ndi magazi kapena chotupa. Asanabaye mankhwalawo amayamba ayeza impso.

Magazi amayezedwa kuchuluka kwa maselo, kagwiridwe ntchito ka chiwindi ndi impso, INR, hepatitis B ndi C, ndi HIV, ndipo chimbudzi chimayezedwa mazira a likodzo. Ngati chiwindi si chouma, funsani za JAK2 ndi antiphospholipid. Ndalama zikachepa, monga zimakhalira m'mabanja ambiri, musasankhe nokha zoyeza zoti musiye. Muuzeni dokotala mosabisa ndalama zimene muli nazo kuti akuikireni ndondomeko ya choyamba ndi chotsatira. Kuyeza protein C, protein S ndi antithrombin pamene chiwindi chafooka kapena wodwala wayamba kale warfarin kumapereka zotsatira zosadalirika, motero nthawi zambiri kukhoza kudikira. Chimene sichiyenera kutsalira ndi endoscopy, kuunika kum'mero ndi m'chifu ndi kachingwe ka kamera, chifukwa mitsempha yofufuma ikapezeka imamangidwa ndi timphira kapena wodwala amapatsidwa propranolol kapena carvedilol kuti isaphulike.

Kumwa mankhwala oletsa kuundana kwa magazi

Mankhwalawa sasungunula m'bulu. Amauletsa kukula kuti plasmin wa m'thupi apeze mpata woudula. N'chifukwa chake kufulumira kuli ndi phindu: m'masabata oyamba mtsempha ukhoza kutsegukanso, koma pakapita miyezi 6 m'bulu umakhala utasanduka chipsera cholimba chimene mankhwala sangachisunthe. Kawirikawiri amayamba ndi jakisoni wa heparin kapena enoxaparin wobaya pansi pa khungu la pamimba, kenaka mapiritsi a warfarin, kapena rivaroxaban ndi anzake, ngakhale atsopanowa saperekedwa chiwindi chikafooka kwambiri. Pa PVT yatsopano mankhwala amamwedwa miyezi yosachepera 6, ndipo amapitirira ngati chimene chinayambitsa sichingachotsedwe. Pa Budd-Chiari amamwedwa moyo wonse. Si wodwala cirrhosis aliyense wa PVT amene amapatsidwa mankhwalawa, chifukwa m'bulu waung'ono wotseka mbali chabe nthawi zina umangoyang'aniridwa ndi sikani, ndipo chiganizo chimenecho ndi cha dokotala amene waona zithunzi. Mankhwala akalephera pa Budd-Chiari pamaganiziridwa kutsegula mtsempha ndi kabaluni, kuika kapaipi kolambalala kotchedwa TIPS, kapena kuika chiwindi china, opaleshoni imene imachitika m'zipatala monga Wits Donald Gordon ku Johannesburg ndi Groote Schuur ku Cape Town.

Warfarin amafuna mwambo. Amwedwe nthawi yofanana tsiku lililonse, makamaka madzulo, kuti zotsatira za INR za m'mawa zithandize kusintha mlingo wa tsiku lomwelo. Cholinga kawirikawiri ndi INR ya pakati pa 2 ndi 3, yoyezedwa pafupipafupi poyamba, kenaka pafupifupi mwezi ndi mwezi ikakhazikika. Gulani kabuku ka sukulu, mulembe mizere ya tsiku, INR, mamiligalamu ndi tsiku lobwereranso, ndipo werengani mamiligalamu pa paketi osati kudalira mtundu wa piritsi, popeza mafamase amagulitsa a makampani osiyanasiyana. Akaiwala kumwa n'kukumbukira tsiku lomwelo amwe, koma asamwe awiri mawa lake.

Masamba obiriwira ali ndi vitamini K amene amafooketsa warfarin, ndipo malangizo amene amafalikira m'mawodi akuti wodwala asiyiretu masamba ndi olakwika, makamaka kwa banja limene ndiwo zake za tsiku ndi tsiku ndi repu, covo, nkhwani ndi bonongwe. Chofunika ndi kudya muyeso wofanana sabata ndi sabata kuti mlingo wa mankhwala ukhazikitsidwe molingana ndi mbale yake. Vuto limabwera nyengo ya dzinja pamene nkhwani ndi chisoso zachuluka, kapena pamene wodwala wasiya kudya chifukwa cha matenda. Pa nthawi zotere INR iyezedwe msanga.

Mankhwala ena ndiwo oopsa kuposa ndiwo. Rifampicin wa TB amafooketsa kwambiri warfarin ndi rivaroxaban, pomwe cotrimoxazole amene ambiri a HIV amamwa tsiku ndi tsiku, metronidazole ndi fluconazole amawonjezera mphamvu ya warfarin mpaka munthu kutaya magazi. Aliyense wolemba mankhwala, ngakhale wozula mano, auzidwe kuti wodwalayo ali pa warfarin. Aspirin, ibuprofen ndi diclofenac asiyidwe, chifukwa amakanda chifu ndi kuvulaza impso. Pa ululu agwiritse ntchito paracetamol, ndipo wodwala chiwindi asapitirire magalamu 2 patsiku pokhapokha dokotala atanena zina. Mowa usiyidwe wonse. Amene ali ndi HIV ndi hepatitis B asadukize ma ARV, popeza tenofovir ndi lamivudine amene ali m'piritsi lake ndiwo akupondereza hepatitis B, ndipo kuwasiya kumadzutsa matendawo mwaukali. Warfarin amavulaza mwana wosabadwa, choncho mayi amene akufuna pathupi kapena waphonya msambo anene msanga kuti amusinthire jakisoni wa enoxaparin, ndipo za kulera akambirane njira yopanda estrogen. Wodwala wa madzi m'mimba achepetse mchere, kuphatikizapo wobisika mu kapenta wouma, nyama zokonzedwa kufakitale ndi zokometsera za m'mapaketi.

Za a m'banja ndi za ulendo wa kumudzi

Wodwala akapezeka ndi hepatitis B, mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi abale a bere limodzi ayezedwe, ndipo amene alibe matendawa alandire katemera. Ana amaulandira m'jakisoni wa pa masabata 6, 10 ndi 14, koma akuluakulu ambiri anabadwa katemerayu asanafale. Amene anakulira m'madzi omwewo ndi wodwala likodzo ayezedwenso, chifukwa praziquantel amapha nyongolotsizo zipsera zisanachuluke.

Ulendo wa basi wochoka ku Roadport kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza mpaka ku Blantyre ndi wa makilomita pafupifupi 600, ndipo kudikira pa zipata ziwiri za malire a mayiko kumaudya tsiku lonse. Ambiri amadzimana madzi poopa kusowa kokataya, m'kutentha kwa ku Tete, atakhala malo amodzi miyendo itapindika, ndipo zimenezi zimathandizira magazi kuundana. Wodwala amwe madzi monga mwa muyeso umene dokotala anamuuza, atsike ndi kuyendayenda paliponse pamene basi yaima, ndipo ngati kumudziko ndi maliro a masiku angapo, pakhale m'bale mmodzi woyang'anira nthawi ya mapiritsi, popeza pa siwa ndi pamene anthu amaiwala kwambiri. Ayezetse INR m'sabata yonyamukira, mankhwala okwanira ulendo wonse ndi masabata awiri owonjezera akhale m'chikwama cha m'manja osati m'katundu wa m'ngolo, ndipo atenge kalata ya dokotala yachingelezi yotchula mtsempha umene unatsekeka, mlingo wa mankhwala ndi INR yomaliza, kuti zikavuta madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe adziwe poyambira.